Nyimbo ya Nambala Seveni

Ndinanyamuka kunyumba kwanga ku Milonde cha m'ma sikisi koloko m'mawa, chiperoni chikuwaza. M'thumba la jekete munali ndalama zimene mwana wanga Esinati ananditumizira kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'kati mwa malaya, pachifuwa penipeni, munali chimbale chimodzi chokulunga m'kampango. Ndinkapita kukagula choyimbira zimbale. Linali tsiku la msika ku Limbuli, kumene anthu amati chimene wachisowa ndiye kuti sichinapangidwe.

Ndifotokoze kaye za chimbalecho, poti popanda icho ulendowu ulibe mutu. Akazi anga, mayi a Esinati, ankaimba m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo kunabwera bambo wina wa kompyuta kuchokera ku Limbe, anajambula nyimbo zawo zisanu ndi ziwiri m'tchalitchi momwemo, n'kuwotchera mayi aliyense chimbale chakechake. M'nyimbo zisanu ndi imodzi zoyambirira mawu a akazi anga amabisala m'gulu. Koma nyimbo yomaliza, ya nambala seveni, amatsogolera okha. Anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Zithunzi zawo zilipo, zitenje zawo zili m'sutikesi, koma mawu awo anatsala pachimbale chimenechi pokha.

Ine ndinagwira ntchito yokonza makina m'fakitale ya tiyi kwa zaka makumi atatu. Chimene ndinatulukako nacho ndi khutu lakumanzere logontha pang'ono, ampulifaya yolemera ngati thumba la simenti, ndi masipika awiri amatabwa amene ndinagula kwa bwana wina pobwerera kwawo. Zimenezo zikadali moyo. Chinafa ndi kadividi kamene ndinkalumikizako, chiphaliwali cha m'dzinja chinakapsereza. Komabe ngakhale kali moyo, kadividi kameneko sikanamalizepo nambala seveni. Kakafika pamene mayi a Esinati amati "mundidikire pachipata," kankakakamira pomwepo, "mundidiki-diki-diki-diki," mpaka ndidzuke ndikazimitse. Chimbalecho chili ndi mzere wokandika chakumphepete. Choncho sindinkafuna choyimbira wamba. Ndinkafuna choti chiwoloke mzere umenewo, ndimve akazi anga akumaliza nyimbo yawo.

Esinati pafoni anayesa kundiphunzitsa. "Ababa, masiku ano ndani akugula za zimbale? Kagulenitu sipika ya bulutufu, nyimbo zizichokera mufoni." Ndinamuyankha kuti amayi ake sali mufoni, n'kudula. Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Mwanayo sanalakwe kanthu, ndipo ndi iye yemwe anakauza wa kompyuta wa pamsika pathu kuti akopere chimbalecho mufulashi. Nyimbo sikisi zinalowa, ya seveni inakana.

Kuchoka pa Milonde kukafika kumsewu wa tala ndinakwera kabaza, K2,500. Mwini njinga anali bambo wa ndevu zotuwa, wa miyendo ngati mitsi, ndipo njinga yake anaikongoletsa monga amachitira anzake onse: maluwa apulasitiki pahandulo, mabelu awiri, ndi zimbale zitatu zomangirira ndi waya kumbuyo kwa keliyala kuti galimoto ziziona kuwala. Titafika pachitunda china ndinatsika kuti tikankhe. Ndipamene ndinaziyang'anitsitsa. Chapakati chinali ndi zilembo za inki yabuluu zofufutika, dzina la kwaya ya kwathu lija.

"Ichi munachitenga kuti?" ndinafunsa.

"Chimenecho? N'cha alamu anga. Ankaimba nawo kutchalitchi. Chinasiya kulira, ndiye ndinati bola chizigwira ntchito ina."

Anali atachiboola ndi msomali wamoto pawiri, ndipo dzuwa linasenda siliva yense mbali imodzi, moti ndinkaona msewu kupyolera m'menemo. Ndinafuna kumukalipira, koma ndikanamuuza chiyani? Esinati anayenda kale kwa amayi onse a kwaya ija kufunafuna china. Zina zinasweka, zina zili m'minda ya mapira zikuopseza mbalame. Ndinangogwira pachifuwa kuti ndimve ngati changa chilipobe, n'kukweranso njinga.

Pa tala ndinadikira theka la ola. Minibasi yopita ku Limbuli inali K2,000, ndipo anandipanikiza mzere wachitatu pakati pa thumba la chimanga ndi mayi wina wonyamula dengu la nandolo wamuwisi. Phiri lalikulu la kwathu silinkaoneka, mtambo unalimeza lonse. Minda ya tiyi inali itaduliridwa, mizere yakuda ya timitengo topanda masamba, ndipo apa ndi apo anthu ovala mapepala apulasitiki ankagwira ntchito mu mvula yowaza ija. Fungo la tiyi wouma lochokera kufakitale ina linalowa pawindo. Zaka makumi atatu ndinalinunkhiza osalimva, lero ndi pamene limandipweteka.

Mayi wa nandolo uja anaona kuti dzanja langa silikuchoka pachifuwa.

"Abambo, ndi mtima kodi? Mukupita kuchipatala?"

"Ndi mtima ndithu, mayi," ndinatero, "koma wakewo sachiza kuchipatala."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kulamba. Lamba wanga ndinamuboola mabowo awiri atsopano chaka chino. "Muzidyatu," anatero. "Jekete imeneyo ikuoneka ngati yobwereka." Anthu anaseka, inenso ndinaseka pang'ono, ngakhale ndinaona kuti mayiyo ndi wamwano. Esinati nayenso nyimbo yake ndi yomweyo. Akuti ndikumwa tiyi yekha ngati ndikulipira ngongole kwa eni minda.

Tinafika pa Limbuli nthawi itadutsa pang'ono naini. Msika unali utagwira kale moto: njinga zonyamula matumba atatuatatu kuchokera kutsidya la Mozambiki, milu ya tomato, kaunjika, nsomba zouma, ndi matope ofika m'kakolo. Mashopu a zamagetsi sasowa, umangotsata phokoso. Aliyense amatulutsa sipika panja n'kuikweza kuti agonjetse mnzake, moti ine wa khutu limodzi ndinathokoza Mulungu kuti linalo linapuma kale.

Shopu yoyamba mwini wake anali bambo wa jekete yachikopa, akudya tchipisi. Nditanena chimene ndikufuna ananditsitsira kadividi kopyapyala, kopepuka ngati paketi ya bisiketi.

"Aka ndiye kabwana, madala. Dividi, sidi, fulashi, memore, kalaoke, zonse. K38,000 basi."

"Ndiyese ndi chimbale changa."

"Ayi, tili nazo zoyesera."

"Zanuzo sindikupita nazo kwathu."

Ndinamasula kampango. Ndisanamuuze kagwiridwe kake, munthu uja anachitsomphola ndi zala za mafuta, anachiuzira mpweya wa tchipisi, n'kuyamba kuchipukuta mozungulira pa thalauza. Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe, poti ndine mkulu wa mpingo. Amayi ogulitsa anyezi panja anasiya malonda n'kusuzumira. Iye anangoti kukamwa yasa, chimbale chili m'manja.

"Pepani, madala. Mesa ndi chimbale chabe?"

Ndinachilanda, ndinachiika ndekha. Kadividi kanayamba kulira bwino ndithu, ngakhale mawu ake anali opyapyala ngati akuimbira m'chitini. Ndinadumphira ku seveni. Mayi a Esinati anayamba: "Dzuwa lapendeka, katundu wandilemera." Phokoso lonse la Limbuli linachoka m'mutu mwanga. Ndinagwira kauntala. "Mundidiki-diki-diki-diki."

"Chakandika ichi," anatero wa jekete uja, ngati wanditulukira zachilendo. "Mukachipake mankhwala otsukira mano, chimakhala nyuwani."

Ndinatuluka osatsanzika.

Ndinalowa mashopu ena atatu. Kwina anandionetsa chimsipika chachitali ngati mwana wa Sitandade 5, cha magetsi ofiira ndi obiriwira ozungulira, K350,000, koma chopanda ndi poika chimbale pomwe. Kwina anandiseka poyera. M'shopu yomaliza munali mayi wodekha wa magalasi, amene anandilola kuyesa madividi ake awiri mosadandaula. Onse anakakamira pa liwu lomwelo. Pamenepo mantha anandigwira zenizeni. Ndinayamba kuganiza kuti mwina vuto si makina, mwina mawu aja anachoka pachimbalepo kalekale ndipo ndikusaka chinthu chimene kulibe.

"Abambo," anatero mayiyo, "ife timagulitsa za mafilimu. Zanuzi zikufuna a Juwawo a pa Muloza. Mukafika pamene pamaima osintha ndalama, mufunse okonza mawailesi. Koma konzekani, amalankhula ngati wailesi zawozo."

Inali itakwana leveni. Potuluka mumsika ndinadutsa mayi wina wogulitsa makaka, kapena kuti chinangwa chouma, ophika osakaniza ndi nandolo, chakudya chimene akazi anga ankachidziwa kuphika kuposa aliyense ku Milonde. Ndinagula a K500, anandikulungira m'tsamba la nthochi. Ndinaima nawo pambali, ndinawanunkhiza, njala osabwera. Ndinawaponya m'thumba la jekete.

Kuchoka pa Limbuli kupita pa Muloza ndi pafupi, kabaza K1,000. Mvula inali italeka. Pa Muloza malole anandandalika m'mbali mwa msewu kudikira kuwoloka, ndipo nditangotsika anthu atatu anandizungulira akupepesa mitolo ya ndalama m'mwamba. "Metikala, bwana? Kwacha? Tisinthe!" Nditati ndikufuna a Juwawo, onse atatu analoza kumodzi, kanjira ka pakati pa malo odyera ndi chigayo.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi, mashelefu odzaza mawailesi akufa mpaka kudenga. A Juwawo anali nkhalamba yaifupi, ya msinkhu wanga kapena kuposa, galasi lokulitsa zinthu likulendewera pakhosi. Anabadwira kutsidya, anabwera kuno nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka ndi mchira wa Chilomwe ndi Chipwitikizi.

"Bondiya, patarau. Khalani apo, musakhalire wailesiyo, mwini wake ndi wapolisi."

Ndinafotokoza zonse. Sanandidule. Kenako anasamba m'manja m'kabeseni, anapukuta, n'kutambasula zikhatho ziwiri ngati akulandira mgonero. Chimbale anachigwira m'mphepete ndi pabowo la pakati. Pamenepo ndinadziwa kuti ndafika.

Anachiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo nthawi yaitali.

"Ichi n'chowotcha pa kompyuta, si cha kufakitale. Zoterezi zimakalamba ngati ife. Mumachigoneka bwanji pa tebulo?"

"Kowala kuyang'ana kumwamba, kuti kusakandike."

"Ndiye mumalakwa. Nyimbo sizikhala kowalako. Zili pansi penipeni pa utoto uwu, kumene kuli zilembo. Kowala kukakandika, diso labwino limaonabe. Kwa zilembo kukakandika, purontu, maliro. Mwayi wanu, uku kuli bwino." Anatembenuza. "Ndipo chimbale sichiyambira kunja ngati mbale za galamafoni zija. Chimayambira pakati n'kumapita kumphepete. N'chifukwa chake yovulala ndi yomaliza."

Zaka makumi atatu ndikukonza makina, zimenezi sindinkazidziwa. Safunsa anadya phula. Anatenga kansalu kofewa, anadontheza madzi, n'kupukuta kuchokera pakati kupita kunja, mzere umodziumodzi ngati masipoko a njinga, mpaka mafuta a tchipisi aja anachoka.

Kenako ananditsitsira zoyimbira zitatu n'kuziyala pa benchi. Choyamba chinali kadividi ngati taku Limbuli tija, ndipo sanavutike n'kukalumikiza komwe. Anati diso lake linapangidwira mafilimu, zimbale za nyimbo limangozichitira chifundo. Chachiwiri chinali chasiliva, cholemera, mabatani ake osalala. Anati chinachokera m'nyumba ya munthu wolemera kutsidya, ndipo mtengo wake ndi K420,000. Ndalama zimenezo ndinalibe, koma mtima unapita pomwepo. Munthu wa makina amakonda kulemera kwa chitsulo. Ndinayamba kuwerengera mbuzi zanga ziwiri.

"Tiyese chimenechi," ndinatero.

A Juwawo anaseka chamumtima. Anachilumikiza ku ampulifaya yawo ndi mawaya awiri, wofiira ndi woyera, monga momwe yanga imafunira. Thireyi inatuluka mwaulemu, inabwerera mwaulemu. Tinadikira. Chinazungulira, chinaganiza, kenako pagalasi panalembedwa kuti mulibe chimbale.

"Mwaona? Ichi n'chakale, cha nthawi imene zowotcha kunalibe. Chili ngati bwana amene sadya kwa antchito ake. Mukachipatsa cha kufakitale mulira ndi kukoma. Chanuchi sichichiona n'komwe."

Chachitatu chinali chakuda, chopanda ulemerero, pakona pena popunthika. Chinabwera ndi katundu wa kaunjika. Chinalibe limoti, chinalibe polowetsa fulashi, ntchito yake inali imodzi basi. K145,000. Anati anachitsuka diso ndi kusintha kalamba kotulutsa thireyi, ndipo chinapangidwa zowotcha zitafala kale.

Asanaike chimbale anaimanso, chala chili pafupi ndi mzere uja.

"Koma uwu si mzere wa fumbi. Ichi chinakwekwereka pansi. Anachita ndani, adzukulu?"

Ku Limbuli ndikanati adzukulu. Kwa Esinati ndinanena kuti sindikudziwa. Koma nkhalamba ija inali itasamba m'manja chifukwa cha akazi anga, ndipo bodza linandikanika.

"Ndine," ndinatero.

Ndinawauza. Tsiku lojambula lija linali Loweruka. Ndinaweruka masana nditatopa, ndinapeza pakhomo palibe munthu. Chakudya anasiya pa tebulo, chovundikira bwinobwino, koma sindinachikhudze. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, mkwiyo ukufufuma. Atafika ndinakuwa mpaka anansi anatuluka. Ndinati kwaya yasanduka mwamuna wawo. Patapita sabata anabwera ndi chimbale akumwetulira, anachiika pa tebulo kuti timvere limodzi. Ine ndinachikankha ndi mkono. Chinatuluka m'kapepala kake, chinaserereka pa simenti mpaka pansi pa kabati. Iwo anagwada, anachitola, n'kuchipukuta ndi chitenje. Kuyambira pamenepo ankachiimba ine kulibe, akamva njinga yanga ankazimitsa. Ine ndinayamba kuchimvera atapita kale. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti eni akewo, nyimbo yawo yomwe, sanaimvepo mpaka kumapeto.

A Juwawo sanandilalikire. Anangoti, "Ehe," n'kuika chimbale.

Pagalasi panatuluka nambala 7, kusonyeza kuti chaziona zonse. Anadina mpaka yomaliza. Mawu anatuluka odzaza, osati a m'chitini aja. Ndinamva ngakhale mpweya umene ankakoka asanayambe mzere. Ndinatembenuzira khutu lamoyo ku sipika. "Dzuwa lapendeka, katundu wandilemera." Ndinasendera pafupi. "Mundidiki..." Panamveka kuti the, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Kenako: "...re pachipata, Mbuye, ndikubwera."

Anapitirira. Amayi onse anawalandira, ndipo panali ndime ina yonse imene sindinaimvepo chibadwire.

"Zimitsani," ndinatero.

"Sinathe, patarau."

"Zimitsani. Yotsalayo ndikamvera kwathu."

Ndinaima pakhomo kuyang'ana chigayo mpaka maso anauma. A Juwawo anakhala ngati akufunafuna sikuludilaivala. Nditabwerera ndinayesa kunenerera mtengo, poti kugula osanenerera n'kunyoza wogulitsa. Anachotsako K5,000 n'kundiwonjezera mawaya aja. Anachikulunga m'katoni ya sopo, anamanga ndi chingwe cha thayala, n'kundipatsa malangizo atatu: ndisachiike pamwamba pa ampulifaya chifukwa cha kutentha, ndizichizula kukhoma mitambo ikada, ndipo ndibwerenso nacho limodzi ndi chimbale kuti adzajambule nyimboyo kuchokera m'mawaya kulowa mu kompyuta.

"Mwana wanu sanalakwe," anatero. "Fulashi si mdani. Chimbalechi chatsala ndi zaka zochepa, monga inu ndi ine."

Sindinawayankhe mwaukali. Ndinadabwa nazo ndekha.

Ndinanyamuka pa Muloza cha m'ma wani koloko. Kondakitala wa minibasi anafuna kuika katoni yanga kumbuyo, pansi pa matumba a chimanga. Ndinamuuza kuti ayambe waika amayi ake kumeneko. Ndinaifungatira pa miyendo njira yonse, ndikukweza mawondo pa bampu iliyonse. Mtambo unali utang'ambika ndipo phiri linaonekera mbali imodzi, madzi akutsika m'matanthwe. Pa kabaza wobwerera ku Milonde ndinamuuza mwini njinga kuti ayende ngati wanyamula mazira. Anati mazira salipira K2,500, koma anayenda bwino.

Ndinafika kunyumba folo koloko itangodutsa. Magetsi analipo. Sindinavule ndi jekete yomwe. Ndinaika choyimbira pa shelefu yakeyake, ndinalumikiza wofiira kofiira, woyera koyera, ndinasamba m'manja, n'kuika chimbale. Ndinakhala pa mpando wanga, wawo uli pambali wopanda munthu, n'kudina seveni.

Masipika anga amatabwa aja sanandichititse manyazi. Mayi a Esinati analowa m'nyumba mwawo. Panamveka kuti the, anawoloka, anaimba ndime yachiwiri, yachitatu, amayi akuwalandira, mpaka onse anatsikira pamodzi pa "ameni" wautali. Kunati zii. Ndinadzuka kuti ndikazimitse, koma ndinaona kuti manambala a pagalasi akuyendabe. Bambo wa kompyuta uja sanadule pamapeto.

Benchi inalira. Wina anatsokomola. Mawu a mwamuna anati, "Basi amayi, tamaliza." Kenako, pafupi penipeni ngati ali kuseri kwa khutu langa, akazi anga, osati akuimba, akulankhula:

"Tamaliza eti? Ndiye ine ndithawe, dzuwa lapita."

"Iwe Feliya," anatero mayi wina, "takhala pansi timwe thobwa. Ukuopa kambuku wako uja?"

Amayi anaseka. Dzina limenelo, Feliya, ndinali ndisanalimve m'kamwa mwa munthu chiikireni maliro. Nawonso anaseka, kuseka kwawo kuja kokokera mpweya m'kati.

"Kuopa ndani? Aja n'kukuwa chabe, makina anawagonthetsa. Koma akakhala okha sadya. Ndawasiyira pa tebulo, koma ndikawapeza ali pakhonde."

Panamveka phazi, chitseko cha tchalitchi, ndipo chimbale chinaima.

Ndinakhala chiimire pakati pa nyumba. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkati tsiku lija sindinadye chifukwa cha mkwiyo. Iwo ankadziwa zoona zake ine ndisanazidziwe, ndipo anasiya thobwa la anzawo n'kuthamanga mtunda wonse uja kudzakhala pa tebulo ndi munthu amene anawalandira ndi mwano. Ndinalira mokweza, ndipo sindichita nazo manyazi.

Wina akandifunsa lero kuti choyimbira chabwino n'chiti, ndimamuuza kuti asafunse mtengo kapena kulemera kwa chitsulo. Anyamule chimbale chake chovutitsitsa, chimene sangachipezenso kwina, akayese ndi chimenecho, ndipo akachipeza chowoloka asafulumire kuzimitsa. Kwa a Juwawo ndinabwererako, ndipo Esinati ali nayo tsopano mufoni mwake, pamodzi ndi zonse zimene amayi ake ananena za ine.

Koma madzulo amenewo sindinaimbire munthu. Ndinapisa m'thumba la jekete, ndinapeza tsamba la nthochi lija litaphwanyika mbali imodzi. Ndinatenga mbale, ndinaika pa tebulo, ndinadinanso seveni, n'kukhala pansi. Makaka anali atazizira, mchere wake wochepa. Ndinadya onse.